Kwa aphunzitsi amene apatsidwa laibulale ku Nkhotakota

Aphunzitsi, funso lanu ndaliona. Mwati ahedi akupatsani makiyi a laibulale ya pa CDSS panu, makatoni a mabuku a thandizo ali chiunjikire, ntchitoyi simunaiphunzirepo, ndiye mukufunsa kuti pa intaneti mungaphunzire kuti, komanso ngati nkoyenera kuyamba ndi Koha, pulogalamu ya pa kompyuta yoyendetsera laibulale. Ine ndimagwira ntchito yomweyi kuno ku Salima.

Koha ayambe wadikira kaye. Pulogalamuyi ndi yabwino, ndi yaulere, inayambira ku New Zealand mu 1999, koma imafuna kompyuta ya Linux, magetsi odalirika ndi munthu woti ikavuta aikonze. Ndinaonapo pasukulu ina anathamangira kuiika mabuku asanawalembe pena paliponse. Kompyuta itafa, panalibe wodziwa kuti m'chipindamo muli mabuku angati, ndipo zinandipweteka mtima chifukwa anthu anavutikira miyezi. Gulani kope lalikulu likhale kaundula: buku lililonse nambala yake, mutu, wolemba, tsiku lofika ndi kochokera. Lidindeni chidindo cha sukulu. Zimenezi mudzazisamutsira pa kompyuta nthawi yake ikakwana.

Chimene muyenera kuphunzira msanga ndi Dewey, njira yosanjira mabuku yomwe Melvil Dewey anaitulutsa mu 1876. Imagawa mabuku onse m'magulu khumi, kuyambira 000 mpaka 900, ndipo chidule chake mungachipeze mwaulere pa webusaiti ya OCLC, bungwe loyang'anira Dewey. Musaope kuchuluka kwa manambala, pasekondale ofunika ndi ochepa. Masamu ndi 510, Physics 530, Chemistry 540, Biology 570, ulimi 630. Za usodzi zili pa 639, ndipo kwa ana a kunyanja kuno shelefu imeneyo musaibise kumbuyo. Chichewa monga chilankhulo chimalowa pa 496, nthano ndi ndakatulo zake pa 896, mbiri ya Malawi pa 968.97. Buku likakuzunguzani, yang'anani kuseri kwa tsamba la mutu, mabuku ambiri ochokera ku America nambala ya Dewey inasindikizidwa kale pamenepo. Ngati palibe, lembani ISBN yake (nambala yaitali ya kuseri kwa chikuto) mu katalogi ya pa intaneti ya Library of Congress, laibulale yaikulu ya ku America, nthawi zambiri nambala ya Dewey imatuluka.

Zowerenga inuyo, tengani IFLA School Library Guidelines ya 2015, malangizo a malaibulale a m'sukulu ochokera ku bungwe la malaibulale la dziko lonse lapansi. Ndi PDF yaulere, mukaitenga kamodzi basi bandulo yanu yapuma. Zina mmenemo ndi za masukulu olemera, zimenezo zidumpheni, koma gawo lonena za ntchito ya woyang'anira laibulale mukawaonetsenso ahedi, adziwe kuti mukufunika nthawi yotsegula chipindacho, osati kungosunga makiyi. Bungwe la malaibulale a mu Africa la AfLIA, lomwe likulu lake lili ku Accra, limachititsa maphunziro a pa intaneti, ndipo kuno kwathu kuli Malawi Library Association. Ntchitoyi ikakukomerani, ku Mzuzu University kuli digiri yake.

Koma chimene ndikufuna mutsatire kwambiri ndi cha ana. Makatoni a thandizo aja mukawatsegula mupeza kuti mabuku ambiri ndi olimba kwa mwana wa Fomu 1 amene Chingerezi chikumuvutabe. Pitani pa African Storybook. Pali tinkhani tambiri ta zithunzi, m'Chingerezi chosavuta komanso m'Chichewa, ndipo amaloleza kukopera ndi kusindikiza. Ena amati n'za ana a pulaimale, koma ine ndaona mwana wamkulu amene ankathawa laibulale akuyambira pa timabuku timeneti mpaka kudzabwereka buku lalikulu yekha. Chachiwiri ndi Kiwix. Iyi imakulolani kusunga Wikipedia pa kompyuta kapena pa foni n'kumawerenga popanda netiweki. Yonse ya Chingerezi ndi yaikulu zedi, ndiye sankhani ya Simple English ndi zigawo za masamu, Physics ndi Chemistry. Mukapita ku Lilongwe kapena kulikonse kumene kuli Wi-Fi yolimba, nyamulani fulashi mukatengeretu. Ngati pasukulu pali sola, kompyuta imodzi yakale ikwanira.

Mnzathu wina wakuuzani za Research4Life. Ndi njira yowerengera zolemba za kafukufuku pa intaneti, yothandizadi, Hinari ya zaumoyo ndi AGORA ya zaulimi zili mmenemo, ndipo Malawi amalowa mwaulere, koma amalembetsa ndi makoleji, malo ofufuzira ndi maofesi a boma, sekondale ayi. Zofanana ndi MALICO, mgwirizano wa malaibulale a m'Malawi, imene imathandiza kwambiri malaibulale akuluakulu. Aphunzitsi anzanu amene akupitiriza sukulu auzeni ayang'ane pa DOAJ ndi AJOL, mawebusaiti a zolemba za kafukufuku, zambiri kumeneko n'zotsegula kwa aliyense.

Pakadali pano makatoniwo musawasiye pansi mpaka mvula iyambe. Chinyezi cha kunyanja ndi chiswe sizichedwa kuononga, ngakhale pasimenti. Akwezeni pa madesiki sabata ino, ndipo mashelefu asakhudze khoma. Mukafuna, ndijambula tsamba la kaundula wathu ndikutumizireni muone mmene timalembera.