Mayi, foniyo musamulande

Mayi wina wa ku Mangochi wandilembera pa imelo. Mwana wawo wazaka 15 akuwerenga pa foni nthano ya anyamata awiri a kusekondale omwe amakondana. Malume ake akuti amulande foniyo, poti mwanayo ndi wofatsa kale, kumpira sapita, ndiye nthanoyo imuonongeratu. Mayiwo akufunsa chochita.

Mayi, musamulande. Nthano siisintha mtima wa munthu kuti azikonda amuna kapena akazi. Anyamata ambiri amakakamira nkhani zotere chifukwa apezamo mnzawo amene akuopa, akulira, akubisa zakukhosi, zomwe kuno mnyamata saloledwa.

Taonani katundu amene timasenzetsa mwana wamwamuna. Akatuluka ku jando timamuuza kuti wakula, ngakhale ali ndi zaka 10. Anzake akamalowa m'nyanja usiku kukapha usipa, ena akamabwera kuchokera ku Joni ndi njinga yamoto ndi malata, wotsala m'kalasi amaoneka wopepera. Akavulala, mwamuna salira. Akachedwa kupeza chibwenzi, mayina onyoza ayambika, ndipo amamupweteka ngakhale akuseka nawo. Malipoti a apolisi chaka ndi chaka amaonetsa kuti ambiri odzipha m'Malawi muno ndi amuna. Ine ndimakhulupirira kuti kufa nazo mumtimaku timawaphunzitsa akadali ana, ndipo zimandiwawa.

Mwina mwana wanu wangoikonda nkhaniyo basi. Mwinanso akudziona yekha m'menemo. Ngati ndi choncho, mantha anu ndikuwamvetsa. Gawo 153 la Penal Code, buku la malamulo a milandu ndi zilango zake, limapereka chilango chofika zaka 14 kundende kwa amuna ogonana okhaokha, ndipo mu June 2024 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linakana kuchotsa lamuloli. Mwana wotere akusowa munthu mmodzi pakhomo amene sangamuyalutse, ndipo munthuyo ndinu amene munamubereka.

Mumupemphe akufotokozereni nthanoyo muli awiri, mukusankha mpunga pakhonde. Musamufunse kuti, "Kodi nawe ndiwe wotero?" Mufunseni kuti m'nthanomo akumumvera chisoni ndani, kenako mumvetsere osamudula. Ngati muli zolaula zosayenera msinkhu wake, muletseni monga mungaletsere zolaula zilizonse.

Malume ali ndi mawu pa mwana wa mlongo wawo, ndikudziwa. Muwapemphe mwaulemu kuti nkhaniyi aisiye kaye m'manja mwanu, isafike kwa ashehe, kwa abusa kapena kwa anzake a kusukulu mwanayo asanalankhule nanu.