Muyambire pati: React, Python kapena WordPress?

Mnyamata wina wa ku Santhe wandilembera pa imelo. Akuti analemba MSCE, ali ndi laputopu yakale imene amalume ake anamugulira ku Lilongwe, ndipo akufuna kuti kupanga mawebusaiti kukhale ntchito yake. Akufunsa ngati ayambe ndi React, Python kapena WordPress, popeza aliyense pa YouTube akunena zake. Anzake nawonso akumuuza kuti asadzivutitse, ntchitoyi ChatGPT yailanda kale.

Achimwene, pa zitatuzo palibe choyambira. Yambani ndi HTML, CSS ndi JavaScript, ndipo mukhalepo mpaka zikulowereni. Izi ndi zimene Chrome kapena Firefox imawerenga munthu akatsegula tsamba. HTML anayambitsa Tim Berners-Lee ku CERN cha mu 1990, JavaScript analemba Brendan Eich ku Netscape mu 1995, CSS inakhazikitsidwa mu 1996, ndipo zonse zikugwirabe ntchito lero. React, imene Facebook inatulutsa mu 2013, ndi JavaScript yomweyo yoikidwa m'dongosolo lina. Munthu wothamangira React asanadziwe JavaScript amatha kukopera zimene akuona pa vidiyo, koma tsiku limene tsamba lake lingoyera mbee osaonetsa kanthu, sadziwa poyambira kufufuza. Kuno ku Kasungu palibe amene amawokera fodya asanafese nazale.

Mudzadziwa kuti mwakhwima mukatha kupanga fomu yolandira dzina ndi nambala ya foni, kuyala tsamba ndi Flexbox ndi Grid, kutenga deta kwina ndi fetch, ndiponso kutsegula DevTools, zida zofufuzira zolakwika za mu Chrome kapena Firefox, podina F12 n'kumvetsa uthenga wofiira umene ukuoneka pa Console.

Pali luso lina limene aphunzitsi akunja salitsindika, koma kwa ife ndi lalikulu: tsamba likhale lopepuka. Amene adzatsegula webusaiti yanu ambiri sadzakhala pa kompyuta. Adzakhala pa foni ya itel kapena Tecno, ku Chatoloma kapena ku Chamama, netiweki ikubwera ndi kupita, bandulo yatsala pang'ono. Chithunzi chimodzi chochokera pa kamera osachichepetsa chikhoza kulemera kuposa tsamba lonse, ndipo amene akulipira kulemerako ndi mayi amene akungofuna kuona fizi ya mwana wake. Zimandiwawa ndikaona webusaiti ya sukulu yodzadza ndi zithunzi zoyenda ndi makanema, pomwe nambala ya foni ya ahedi ili pansi penipeni. Phunzirani kuchepetsa zithunzi ndi kuzisunga ngati WebP, mtundu wa chithunzi wopepuka. Yambani kukonza tsamba la pa foni, la pa kompyuta libwere pambuyo. Mu DevTools muli poti mungachedwetse intaneti dala kuti muone mmene tsamba likuvutira kwa munthu wakumudzi. Kenako bwerekani foni yotsika mtengo kwambiri imene mungaipeze, muyesere pamenepo.

Mukafika apa, funso la WordPress kapena Python liyankhidwe ndi amene adzakulipirani. Pa boma pano ndi masukulu apulaiveti, malo ogona alendo, mipingo, mabungwe ang'onoang'ono, ma SACCO ndi ogulitsa feteleza ndi mbewu. Anthu amenewa amafuna webusaiti imene mlembi wawo angaikepo nkhani yekha popanda kukuimbirani foni. WordPress, imene inayamba mu 2003, imachita zimenezo, ndipo mawebusaiti oposa 40 pa 100 alionse padziko lapansi amayendera yomweyo. Ena amainyoza kuti si ya akatswiri. Ine ndikuti iphunzireni, koma musathere pa kudina ma theme a anthu ena. WordPress inalembedwa m'chilankhulo cha PHP ndipo imasunga zinthu mu MySQL, nkhokwe ya deta, choncho phunzirani PHP ndi SQL, chilankhulo cholankhulira ndi nkhokweyo, kuti muzitha kutsegula m'kati n'kukonza. SQL ndiye musaichite mwachibwana. Kaundula wa ana asukulu, ngongole za mamembala a SACCO, mabelo a kalabu ya alimi opita ku Chinkhoma, zonsezi ndi matebulo olumikizana, ndipo munthu wodziwa kuwayala bwino sasowa ntchito ngakhale zilankhulo zisinthe. Mukazolowera PHP, Laravel, chida chomangira mawebusaiti ndi PHP, idzabwera mosavuta.

Chilankhulo cha Python ndi chabwino, Django yomangira mawebusaiti ndi Python nayonso, koma hosting (malo osungira webusaiti pa intaneti) yotsika mtengo yambiri imabwera PHP ili kale m'malo. React muitenge mukayamba kuyang'ana ntchito m'makampani a ku Lilongwe ndi Blantyre kapena zakunja, chifukwa kumeneko amaifunsa kawirikawiri.

Kasitomala wa kuno sachedwa kufunsa kuti, "Nanga anthu angalipire pa Airtel Money kapena Mpamba?" Ndiye phunzirani mmene API, njira imene webusaiti yanu imalankhulirana ndi pulogalamu ina, imagwirira ntchito: kutumiza pempho, kulandira yankho mu JSON, ndi kutsimikizira pa seva yanu kuti ndalama yalowadi musanalembe kuti munthu walipira. Chiphaso chachinsinsi cha API chisaoneke mu JavaScript ya pa tsamba, chifukwa aliyense akhoza kuchiwerenga.

Git, pulogalamu yosunga mbiri ya zonse zimene mwasintha mu khodi, imene Linus Torvalds analemba mu 2005, muiyambe sabata yoyamba. Laputopu yakale imafa osatsanzika, magetsi amathima muli pakati pa ntchito, koma zimene munakankhira ku GitHub, malo osungira khodi pa intaneti, mudzazipeza, ndipo ndi zomwezo zimene wolemba ntchito adzafune kuona. Kuti bandulo isakuthereni, ikani VS Code ndi XAMPP, muziyendetsa PHP ndi MySQL pa laputopu popanda intaneti. DevDocs imalola kusunga malangizo a zilankhulo kuti muziwerenga muli kunja kwa netiweki. Maphunziro a freeCodeCamp, The Odin Project ndi MDN ndi aulere, choncho musagulitse mbuzi ya kunyumba chifukwa cha kosi. Chingerezi chowerenga chokha muchilimbikire, popeza mauthenga onse a zolakwika amabwera m'chilankhulo chimenecho.

Za ChatGPT, anzanu anena mbali imodzi. Imalembadi khodi mwachangu, ndipo muziigwiritsa ntchito. Koma imalakwitsanso molimba mtima, ndipo amene sadziwa JavaScript ndi SQL sangaone kuti fomu imene yamupatsa ikusiya khomo lotsegula kwa akuba deta. Komanso siingakhale pansi ndi a bursar kuti imve chifukwa chake makolo ena amalipira fizi pang'onopang'ono mpaka fodya atagulitsidwa.

Ntchito yanu yoyamba ikhale ya munthu weniweni wa ku Santhe komweko, sukulu kapena shopu, ngakhale alipire zochepa. Muidutse yonse: kugula domain (dzina la webusaiti pa intaneti), kuika pa hosting, kuyatsa chitetezo cha HTTPS ndi Let's Encrypt imene ndi yaulere, kusunga backup. Mtengo ndi zimene mudzapange mulembe pa pepala musanayambe, mulandire gawo la ndalama poyamba, ndipo domain muilembetse m'dzina la mwini bizinesi, osati lanu. Mumuuzenso tsiku lomwelo kuti domain ndi hosting amalipira chaka ndi chaka, aziikiretu pa bajeti yake.