Njoka sisambitsidwa ngati galu

Achemwali, mwafunsa kuti nsato yanu ya mtundu wa ball python muziisambitsa kangati pamwezi, popeza itafundula khungu lina latsalira kumchira ndipo ena akuuzani kuti vuto ndi loti simuisambitsa. Amene akuuzaniwo mwina anazolowera agalu. Njoka yathanzi imene ikukhala m'khola labwino ikhoza kutha moyo wake wonse osaikidwapo m'beseni, komatu mtundu wanuwu umafika zaka 20 mpaka 30. Situluka thukuta, ilibe ubweya woti ugwire litsiro, ndipo ikamafundula imavula zonse zimene zinamatirira pathupi limodzi ndi khungu lakalelo. Chimene imafuna kwa inu ndi mbale ya madzi abwino, yaikulu moti ingathe kudzipinda n'kulowamo yokha ikafuna.

Ndiye khungu latsaliralo likukuuzani za khola, osati za kusamba. Kawirikawiri ndiye kuti mpweya wa m'kholamo wauma. Nsato zimenezi kwawo ndi kumadzulo ndi pakati pa Africa, ndipo masana zimabisala m'mauna ndi m'zulu momwe mumakhala chinyezi. Muzisunga chinyezi cha 60 pa 100 kapena kupitirirako pang'ono, ndipo nthawi yofundula chifike 70. Njoka zina monga corn snake zimakhutira ndi chocheperapo. Musamangoganizira, gulani kachipangizo koyezera chinyezi. Kenako pezani kabokosi ka pulasitiki kokhala ndi chivindikiro, mubooleko khomo losalala bwino, muikemo ndere ya sphagnum kapena mapepala ofewa onyowa pang'ono, mukaike mbali yofunda ya khola. Njoka imalowamo yokha ikayandikira kufundula. Ineyo chiikireni kabokosi koteroko, yanga imavula khungu lonse lathunthu ngati sokosi, pamene kale ndinkalimbana ndi zidutswa.

Sikuti madzi ndi oletsedwa ayi. Kuviika njoka m'madzi ndi chithandizo, ndipo chithandizo chimaperekedwa pakakhala vuto. Khungu likakanirira ngati kwanuku, mukhoza kuiviika. Ikadzipaka chimbudzi chake, kupukuta ndi nsalu yonyowa nthawi zambiri kumakwanira. Ikadzimbidwa, madzi ofunda amathandiza kuti ichite chimbudzi, n'chifukwa chake musadabwe ikaipitsa m'beseni momwemo. Zikatero itulutseni msanga isamwe madziwo. Kungoti nsato zimatha milungu ingapo osachita chimbudzi popanda vuto lililonse, choncho musathamangire kunena kuti yadzimbidwa.

Chifukwa china ndi nthata za njoka. Ndi tizilombo takuda, tating'ono ngati kadontho ka cholembera, timayamwa magazi ndipo timakonda kubisala mozungulira maso, pansi pa chibwano ndi pansi pa mamba. Mukaona njoka ikugona m'mbale ya madzi tsiku lonse, tsiku ndi tsiku, yang'anani pansi pa mbaleyo ngati muli timadontho takuda. Kuviika kumamiza nthata zimene zili pathupi, koma mazira ake ali m'ming'alu ya khola, ndiye mukangosambitsa osayeretsa khola lonse mwangotaya nthawi. Za mankhwala funsani dokotala wa ziweto amene amadziwa za njoka. Musapope mankhwala a tizilombo a m'nyumba pathupi pake, amapha.

Tsopano kaviikidwe kake, ndipo apa ndi pamene ambiri timalakwa. Njoka sipanga kutentha kwa thupi lake, imatengera pamene ili. Madzi akhale madigiri 27 mpaka 30, ndipo muyeze ndi choyezera kutentha, osati ndi dzanja. Madzi amene inu mukuwamva kuti afunda bwino, oti mwana wakhanda angasambe, kwa njoka atentha kale. Oyenerawo mukaikamo dzanja mumangomva ngati sakuzizira komanso sakufunda. Ine ulendo woyamba ndinadalira dzanja, njoka inayamba kuphiriphitha ikukwera m'mbali mwa beseni, ine n'kumati ikusangalala ndi madzi. Inkathawa kutentha.

Madziwo asazame. Afike pakati pa thupi lake basi, moti mimba ikhale pansi ndipo mutu ukhale kunja osavutikira. Inde njoka zimasambira, koma kusambira mosapuma m'beseni loterera kumaitopetsa ndipo ikhoza kumira. Yalani kathaulo pansi kuti ipeze pogwira. Chivindikiro chikhale ndi mabowo a mpweya. Mphindi 15 kapena 20 zakwana, ndipo musachokepo, ngakhale foni italira. Madzi ochepa amazizira msanga, ndipo njoka yonyowa ikazizidwa imadwala matenda a m'mapapo. Sopo ayi, mafuta onunkhira ayi: nthawi zambiri ikangolowa m'madzi imayamba ndi kumwa.

Ikatuluka, igwireni ndi thaulo lonyowa ndipo muisiye izikwawa m'manja mwanu, khungu lofewalo lizitsalira pathaulo lokha. Mukhoza kusisita pang'ono kuchokera kumutu kulowera kumchira, motsata mamba. Pamene pakukana, pasiyeni, mudzayesenso mawa. Kusenda mokakamiza kumachotsa mamba atsopano. Mukatha, ipukuteni iume ndi kuibwezera mbali yofunda ya khola. Pansi pa kholapo pasakhale chithaphwi, chifukwa njoka yogona ponyowa masiku ambiri imawola mamba a kumimba. Chinyezi chikhale mumpweya, osati matope pansi.

Kwa njoka yamantha, ndipo ball python zambiri ndi zamantha, ndimakonda njira ina yopanda beseni: bokosi lokhala ndi mabowo, mkati muli thaulo loviikidwa m'madzi ofunda n'kufinyidwa, njoka n'kukhalamo mphindi 20 kapena 30 pamalo ofunda. Imadzikhuza yokha pathaulopo ndipo sichita mantha ngati m'madzi.

Pali nthawi zimene simuyenera kuigwira n'komwe. Ikangodya, dikirani maola 48, apo ayi ikhoza kusanza chakudya chonse, ndipo kusanza kwa njoka si nkhani yaing'ono, kumaifooketsa kwambiri. Maso akachita mbuu ngati muli utsi, ndiye kuti ikukonzekera kufundula, sikuona bwino ndipo sichedwa kuluma. Maso amayeranso, kenako pakapita masiku angapo imafundula yokha. Yobwera kumene isiyeni sabata imodzi kapena awiri izolowere.

Chinanso, njoka zambiri zimakhala ndi tizilombo ta Salmonella m'matumbo ngakhale zikuoneka zathanzi. Kwa izo si kanthu, koma munthu amatsegula nato m'mimba koopsa, makamaka ana osakwana zaka 5, okalamba ndi amene chitetezo cha m'thupi chatsika. Beseni la njoka likhale la njoka yokha. Musaiviike m'sinki ya kukhitchini kapena m'bafa losambira anthu, madzi ake mukataye kuchimbudzi, ndipo musambe m'manja ndi sopo mukatha.

Za mchira wa nsato yanuyo, musazengereze. Khungu lotsalira kunsonga ya mchira likauma limamanga ngati mphete, magazi n'kusiya kuyenda, nsongayo n'kufa. Iviikeni lero ngati sinadye masiku awiri apitawa, muyese ndi thaulo monga ndanenera. Onaninso khungu limene inavulalo ngati kumutu kwake kuli timagalasi tiwiri ta maso, poti njoka ilibe zikope, diso lililonse limaphimbidwa ndi mamba amodzi oonekera amene amachoka pofundula. Ngati timagalasito tatsalira m'maso, musatikoke ndi chikhadabo kapena chopanira, mungaboole diso. Zimenezo, komanso nsonga ya mchira ikayamba kuda kapena kutupa, mupite nayo kwa dokotala wa ziweto. Mutumize chithunzi cha mchirawo ndi cha kholalo, ndione pamene mwaika mbale ya madzi.