Creon anasintha maganizo madzi atafika kale m'khosi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mphunzitsi wina wa mbiri yakale. Anafunsa kuti: "Mukamalemba za ndale mumakonda kutchula masewero omvetsa chisoni a Agiriki. Kodi nthano za zaka pafupifupi 2,500 zapitazo, zodzaza milungu ndi alosi, zingatithandize bwanji kumvetsa zimene zinachitikadi?"

Zikomo aphunzitsi. Kwa anthu a ku Athens, masewerowa sanali ongotayitsa nthawi. Ankaonetsedwa pa chikondwerero cha mulungu wawo Dionysus, ndipo amuna omwe ankadzaza bwalo la zisudzo ndi omwewo ankakweza manja pamsonkhano wogamula za nkhondo. Sewero lakale kwambiri lomwe lidakalipo ndi la mlembi Aeschylus lonena za Aperisi, la mu 472 Yesu asanabadwe, patangotha zaka 8 chichitikire nkhondo ya ku Salamis, momwe Agiriki anagonjetsa Aperisiwo. Nkhani yonse ikuchitikira ku Susa, mzinda wachifumu wa Aperisi, kwawo kwa mdani. Tangoganizani, opambana kukhala chete n'kumamvetsera kulira kwa anthu omwe iwo anawaphera ana.

Koma lomwe ndimabwererako kawirikawiri ndi Antigone la mlembi Sophocles. Nkhondo yangotha ku Thebes, abale awiri aphana. Mfumu yatsopano, Creon, ikulamula kuti mmodzi mwa abalewo, Polyneices, amene anabwera ndi asilikali akunja kudzathira nkhondo mzinda wakwawo, asaikidwe m'manda, adyedwe ndi agalu ndi mbalame. Mlongo wake, Antigone, akukana, akupita kukawaza dothi pamtembowo.

Ambiri amafulumira kunena kuti Creon ndi chilombo. Ine ayi. Zimene akuyamba nazo n'zomveka: dziko likangotuluka m'nkhondo, mtsogoleri asaike chibale patsogolo pa mzinda. Ndipo sakungolankhula, chifukwa Antigone ndi mwana wa mlongo wake, komanso ali pachitomero ndi mwana wake Haemon. Zinthu zikuyamba kuwola pamene aliyense wonena zosamukomera akuoneka ngati wagulidwa. Mlonda wabwera ndi uthenga akunjenjemera, Creon akuti alonda alandira ziphuphu. Haemon akumuuza mwaulemu zomwe anthu akunong'onezana mumzinda, n'kumukumbutsa kuti mtsinje ukasefukira mitengo yolola kuwerama imapulumuka pomwe youma khosi imazuka ndi mizu yomwe. Bambo akuti mwanayu wasanduka kapolo wa mkazi. Tiresias, mlosi wakhungu, atamuchenjeza naye akunenedwa kuti wadya ndalama.

Kenaka Creon akugonja ndithu. Apa ndi pomwe pamandiwawa. Akuluakulu a mzinda akumulangiza zinthu ziwiri: akatulutse mtsikana m'phanga momwe anamutsekera, akaikenso maliro aja. Iye akuyamba ndi wakufa. Akusambitsa zotsala za mtembo, kuziwotcha, kuunjika dothi, zonse mwadongosolo lake. Pofika kuphanga, Antigone wadzimangirira kale. Haemon akudzibaya bambo ake akuona, ndipo mayi ake, Eurydice, atamva naye akudzipha.

Ndiye mukamawerenga za ulamuliro uliwonse womwe unagwa, aphunzitsi, musamangofunsa kuti woipa anali ndani. Fufuzani tsiku lomwe chenjezo linafika, amene analibweretsa, dzina lomwe anamupatsa chifukwa cholankhula, ndiponso kuti panadutsa nthawi yaitali bwanji mfumu isanamve. Nthawi zambiri mupeza kuti zosintha zinabwera, koma zinapeza phanga lili zii. Nelson Mandela, ali mkaidi ku Robben Island, anasewerapo mbali ya Creon ameneyu. Ndimadzifunsa kuti ankamva bwanji m'kamwa mwake mukutuluka mawu a mfumu yotsekera anthu.

Masewerowa ali ngati galasi loonera mbiri, koma ndisakunamizeni kuti galasili lilibe ming'alu. Sewero limakonda munthu mmodzi wamkulu, pomwe mbiri imayendanso ndi njala, ngongole, miliri ndi anthu wamba osatchulidwa dzina. Choopsa china n'chakuti munthu ukazolowera masewerowa umayamba kuona ngati zonse zinalembedwa kale, ndipo opalamula amapeza pobisala. Mawu akuti "linali tsoka" atsuka manja a anthu ambiri.

Musaganizenso kuti kuonera kunkawachenjeza eni akewo, anthu a ku Athens. Chakumapeto kwa 416 kapena kumayambiriro kwa 415 Yesu asanabadwe, asilikali a Athens atagonjetsa chilumba chaching'ono cha Melos chomwe chinakana kukhala pansi pawo, anapha amuna onse omwe anawagwira, akazi ndi ana n'kuwagulitsa ukapolo. Mu 415 momwemo mlembi Euripides anaonetsa sewero la akazi a ku Troy, mzinda womwe Agiriki anaugonjetsa m'nthano zawo, momwe amasiye akudikira pagombe kuti agawidwe kwa opambana, ndipo kamwana ka Hector, ngwazi ya ku Troy, kakuponyedwa pansi kuchokera pamwamba pa linga. Oweruza a mpikisano wa masewero anaika Euripides pa nambala 2. Patangopita miyezi yochepa, anthu omwewo anakhamukira kudoko la Piraeus kukatsazika zombo zopita kukalanda chilumba cha Sicily. Pofika 413 gulu lonselo linali litatheratu, ndipo ambiri mwa omwe anagwidwa amoyo anakafera m'migodi ya miyala ku Syracuse, mzinda wa pachilumbacho.