Inshuwalansi ya galimoto yaliwiro yakwera chonchi bwanji? Yankho kwa achimwene a ku Matawale

Achimwene ena a ku Matawale andilembera pa imelo, ndipo andilola kuti ndiwayankhire pano poti funso lawo likukhudza anthu ambiri. Ali ndi Toyota 86 yomwe anaitanitsa ku Japan kwacha isanagwe. Sanachitepo nayo ngozi, sanakapemphepo ngakhale tambala kukampani ya inshuwalansi, koma atapita kukalipira za chaka chino anawatchulira mtengo woti anachita kufunsanso kawiri. Mnzawo wakuntchito amayendera Vitz ndipo akulipira zochepa kwambiri. Ndiye akufunsa ngati akuwabera, ngati angathe kungotsitsa mtengo wa galimoto pafomu kuti premium (ndalama zomwe amalipira pachaka) ichepe, kapena ngati kuli bwino kusiya comprehensive (inshuwalansi yolipiranso zowonongeka pagalimoto yanu yomwe) n'kutenga third party (yolipira anthu ena okha) basi.

Achimwene, za kuberedwazo ndikukayika. Premium ya comprehensive amaiwerengera potenga maperesenti angapo a mtengo wa galimoto, ndipo mtengo wa galimoto yanu suyendera kwacha. Galimotoyo imagona ku Matawale, koma chilichonse chili pa iyo chimagulidwa ndi dola. Mu Meyi 2022 Reserve Bank inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 inatsitsanso ndi 44 peresenti, dola n'kuchoka cha pa K1,180 kufika cha pa K1,700. Tiyerekeze kuti nyali yakutsogolo imagulidwa madola 500 kunja. Dzulo lake inali K590,000, m'mawa mwake K850,000, nyali yomweyo, isanakwere ndi sitima yomwe. Umenewotu ndi mtengo wa kubanki, ndipo aliyense woitanitsa katundu akudziwa kuti dola ya kubanki sipezeka chisawawa. Wogulitsa masipeya akaisowa amakaigula kumbali pamtengo wokwera, kenako awonjezere zonyamulira, msonkho wa MRA ndi phindu lake. Zonsezo zimathera pa invoice yomwe galaja imatumiza kukampani ya inshuwalansi.

N'chifukwa chake masiku ano tikuona zachilendo: galimoto ikukalamba koma mtengo wake m'makwacha ukukwera. Ngakhale kampani ikanapanda kusintha peresenti yake, premium yanu ikanakwerabe. Makampaniwa nawonso amakagula inshuwalansi yawo kumakampani akuluakulu, ambiri mwa iwo akunja, ndipo kumeneko salandira kwacha. Chaka ngati cha 2023, pamene namondwe wa Freddy anasakaza chigawo chakummwera m'mwezi wa Malichi, sichisiya mitengo pamalo amodzi.

Zimenezo zagwera aliyense, ndi a Vitz omwe. Chomwe chikukusiyanitsani ndi mnzanuyo chimaonekera kugalaja. Vitz ikathyoka bampala, makaniko amangoimba foni ku Limbe kapena ku Ndirande, madzulo bampala yafika pa minibasi, mwina yochotsa pa inzake yomwe inachita ngozi. Vitz, Sienta, Probox, Axio zadzaza dziko lonse, ndiye masipeya ake sasowa. Nanga 86? Injini yake ndi ya Subaru, ya malita 2, ija masilinda ake amagona chopingasa, ndipo mapasa ake ndi Subaru BRZ. Mungawerenge ndi zala zomwe zikuyenda m'misewu ya Zomba. Ikaphwanyika kutsogolo, chitsulo chilichonse chiyenera kuchokera ku Johannesburg, ku Dubai kapena ku Japan, galimoto ili pamiyala kudikira masabata, mitengo nayo ikusuntha. Amene ali ndi Mazda RX-8 ndiye zawo n'zina, chifukwa anasiya kupanga mu 2012 ndipo injini yake ya rotary amakaniko ambiri sanaitsegulepo. Kampani ikaona zonsezi imadziwa kuti ngozi yaing'ono pagalimoto yotere itha kudya ndalama zofanana ndi Vitz yathunthu.

Ndiye pali misewu yathu. Mukaimeko tsiku lina pamahampu a pa Chinamwali muone momwe mwini galimoto yotsika amawolokera: amachepetsa liwiro mpaka kutsala pang'ono kuima, n'kupotoza chiwongolero kuti akwere chammbali, tayala limodzi kenako linalo, minibasi kumbuyo ikuliza hutala, ndipo pamapeto pake mumamvabe kuti khwee pansi. Galimoto imeneyo anaipangira misewu yosalala. Kuno ikukumana ndi maenje a nthawi yadzinja, miyala yokokoloka kuchokera kuphiri, ndi matayala opyapyala oti dzenje limodzi lipinda rimu. Pamene msewu uli wabwino, ngati wa M3 wopita ku Blantyre, vuto limakhala lina, phazi limalemera lokha. Koma msewu womwewo umadutsa pa Thondwe ndi pa Namadzi, pomwe tsiku lamsika anthu, njinga, mbuzi ndi akabaza amakhala mumsewu momwemo. Za makona a msewu wokwera ku Ku Chawe Loweruka madzulo sindinena zambiri, eni magalimoto otere akudziwa chomwe amakatsata kumeneko.

Mwina inuyo mumayendetsa modekha ngati abusa. Kampani sikudziwani. Imangoona gulu lomwe mwagweramo: galimoto yamphamvu, yotsika, yoyendera matayala akumbuyo, yomwe kawirikawiri amaikonda ndi anyamata. Walira mvula walira matope, achimwene. Komabe apa ndiikepo maganizo anga. Magalimoto otere ndi ochepa m'dziko muno, ndiye ndimaona ngati makampani ena amangowonjezera mtengo chifukwa cha mantha, osati chifukwa anakhala pansi n'kuwerengera bwinobwino. Mtengo woikidwa mwamantha umatheka kunenerera. Zaka zonse zomwe mwakhala osachita ngozi zili ndi mphotho yake, amaitcha no claim discount. Yang'anani pa pepala lomwe anakupatsani ngati yalembedwapo. Ngati palibe, funsani, ndipo mukafuna kusamukira kukampani ina pemphani kalata yotsimikiza kuti simunapemphepo chipukuta misozi.

Tsopano funso lanu lachiwiri, lomwe ndi limene landichititsa kulemba zonsezi. Kutsitsa mtengo wa galimoto pafomu musayerekeze. Ambiri akuchita, ena mwadala, ena chifukwa amangolemba mtengo womwe anagulira zaka zinayi zapitazo chaka ndi chaka osausintha. Premium imaoneka yabwino mpaka tsiku langozi. Mapangano ambiri a inshuwalansi ali ndi ndime yonena kuti ngati munalembetsa galimoto pamtengo wochepera mtengo wake weniweni, kampani idzalipira gawo lokhalo lomwe munalembetsa. Tiyerekeze ndi manambala ongopeka. Galimoto yanu pamsika lero ndi K30 miliyoni, inu mwalemba K15 miliyoni. Mwagunda khoma la mpanda, galaja yati kukonza ndi K6 miliyoni. Inu mukuti palibe vuto, 6 ndi yochepa kwa 15. Wowunika wa kampani akubwera ndi kabuku kake, akuzungulira galimoto, akujambula, kenako akuti munalembetsa theka la galimoto, choncho alipira theka la zowonongeka. Ndiye K3 miliyoni, achotseponso excess, ija mumayamba mwalipira nokha pangozi iliyonse. Zotsalazo muzisaka nokha.

Palinso china choipirapo. Mukalemba mtengo wotsika, ngozi yapakatikati imakwana kuti anene kuti galimoto yatheratu, kukonza kwaposa mtengo wake. Akupatsani ndalama zosapitirira zomwe munalemba, chiphakasa cha galimoto atenge iwo, ndipo ndalama zimenezo sizingaitanitse 86 ina. Munalipira premium chaka chonse kuti tsiku lina mudzagule Vitz.

Bodza lina lofanana nalo ndi lobisa zomwe munasintha pagalimoto. Ngati munaika ekizozi ina, munatsitsa masipuling'i, munasintha marimu kapena munaseweretsa kompyuta ya injini kuti iwonjezere mphamvu, auzeni ndipo zilembedwe. Akadzazitulukira okha pambuyo pangozi ali ndi poyambira kukana kulipira. Chimodzimodzi za woyendetsa. Ngati mng'ono wanu wa ku Chanco amaibwereka Lachisanu, dziwani kuti madalaivala achichepere ndi omwe angotenga kumene laisensi amakhala ndi excess yawoyawo yowonjezera, ndipo mapangano ena amatchula maina a ololedwa kuyendetsa. Mpikisano wa liwiro, kaya wokonzedwa kaya wongopangana ndi anzanu pamsewu, inshuwalansi wamba siukhudza n'komwe. Kuyendetsa mutalawa, kapena COF (chiphaso chotsimikiza kuti galimoto ili bwino kuyenda pamsewu) itatha, nakonso kumakuikani pamalo ovuta.

Nanga third party? Imeneyo ndiyo lamulo la pamsewu limafuna kuti galimoto iliyonse ikhale nayo, ndipo apolisi pa rodibuloko akaiona amakusiyani mupite. Koma imalipira anthu ena okha, amene mwawavulaza kapena kuwawonongera katundu. Yanuyo ikaphwanyika, ikabedwa kapena ikapsa, palibe chomwe mulandire. Ngati galimotoyo munagula ndi ngongole ya kubanki nkhani yatha kale, banki siingalole. Ngati ndi yanuyanu, dzifunseni moona mtima: itatheratu mawa, moyo upitirira bwinobwino? Ana apita kusukulu, inu mufika kuntchito? Ngati yankho ndi inde, third party si uchitsiru, bola mwasankha mukudziwa. Pali ina yapakati, yowonjezera moto ndi kuba, yomwe ingayenere galimoto yongotuluka pa wikendi.

Chomwe anthu saonetsetsa pa third party ndi malire a ndalama zomwe kampani ingalipire. Amalembedwa m'pangano momwemo. Mitengo ya zinthu yakwera, koma malire aja sakwera okha. Mukagunda Land Cruiser ya bungwe pa Namadzi, kapena mukavulaza wakabaza ndi pasinjala wake khoti n'kugamula chipukuta misozi choposa malirewo, chotsalacho chimachokera m'thumba mwanu, ndipo maloya sachedwa kupeza komwe mumakhala. Kukweza malirewo nthawi zambiri sikudula ngati comprehensive, ndipo kwa munthu woyendetsa galimoto yaliwiro ndingati ndi ndalama yoyamba kuiwononga.

Ndikanakhala inu ndikanachita motere. Choyamba ndikanapeza wowunika magalimoto wovomerezeka ndi makampaniwa kuti alembe mtengo weniweni wa lero. Ndi pepala limenelo ndikanapempha mitengo kumakampani angapo, monga NICO General, General Alliance, Britam, Reunion ndi United General, kapena kudzera kwa broker (mkhalapakati wa inshuwalansi) wovomerezeka yemwe amadziwa kampani yomwe siichita mantha ndi magalimoto otere. Poyerekeza musangoona nambala yapansi. Onani excess, malire a third party, magalaja omwe amalola, komanso zomwe amachita sipeya ikasowa m'dziko muno, chifukwa ena amangolipira mtengo wa m'buku osawerengera zoitanitsa pandege. Auzeni kuti galimoto imagona mumpanda, kuti ili ndi tracker (kachipangizo kosonyeza komwe galimoto ili) ngati ilidi nayo, ndiponso kuti simuyendera tsiku lililonse ngati ndi zoona. Kenako funsani kuti premium itsika bwanji mukavomera excess yokulirapo. Njira imeneyi ndiyo yachilungamo yochepetsera mtengo: tingozi ting'onoting'ono ta pahampu mumadzikonzera nokha, kampani imabwera pa zazikulu. Ndalama ya excess ija muisunge padera, isakhale ya pakamwa chabe.

Ngati pena pake mwaona kuti sanakuchitireni chilungamo, yambani mwalemba kalata kukampani komweko, ndipo zikakanika madandaulo amapita kwa Registrar of Financial Institutions ku Reserve Bank, omwe ndi amene amayang'anira makampani a inshuwalansi. Musanasaine, pemphani chikalata chonse cha pangano, osati kadisiki ka pagalasi kokha, muwerenge ndime ya madzi osefukira ndi ya mitengo yogwa. Ku Zomba kuno mvula ikakwiya zonse ziwirizo zimachitika, ndipo si pangano lililonse lomwe limazitchula mofanana.