Funsani Aphunzitsi: Kodi bonasi ya m'kachisi wa golide yayandikira?

Aphunzitsi, ndine mnyamata wa zaka 27, ndimayendetsa kabaza wa njinga yamoto ku Lilongwe. Pa foni panga ndimasewera gemu ya slot yokhala ndi kachisi wa Aaztec, zigoba za golide ndi njoka ya nthenga. Zithunzi za kachisi zikagwa zitatu amapereka ma free spin khumi, maulendo aulere. Mwezi watha zinandigwera ndipo ndinawina K38,000 nditabetcha K200 yokha. Sabata ino ndadina maulendo oposa 400 koma zikungogwa ziwiri, chachitatu chikudutsa pang'onong'ono. Anzanga pa siteji akuti gemu yakhuta, yatsala pang'ono kulavula, ndisasiye. Pali batani logulira bonasi pa K20,000. Ndigule? Wa kabaza, Area 25.

Achimwene, musagule. Ndayamba ndi yankho chifukwa ndikudziwa kuti ndalamayo ili kale m'foni ndipo chala chikuyabwa.

Ine ndinaphunzitsa masamu ku sekondale kwa zaka zambiri, ndipo phunziro limene ana ankalikana ndi mtima wonse ndi lakuti ndalama yachitsulo siikumbukira. Mukaiponya m'mwamba kasanu n'kugwa mbali imodzi kasanu konse, ulendo wachisanu ndi chimodzi siikhala ndi ngongole kwa inu. Gemu yanuyo ndi chimodzimodzi. M'kati mwake muli pulogalamu yotchedwa RNG imene imatola manambala mwachisawawa, ndipo pamene mwangodina, zotsatira zadziwika kale. Kuzungulira kwa zithunzi kumene mumaonerera kuja ndi sewero chabe lokuuzani zimene zagamulidwa. Maulendo 400 amene mwadyedwa sanalembedwe pena paliponse kuti tsiku lina adzakubwezereni. Palibe mimba imene ikukhuta.

Tiyeni tiyerekeze kuti bonasi ya gemu yanu imagwa kamodzi pa maulendo 200. Nambalayi ndangoitenga ngati chitsanzo. Masamu ake amasonyeza kuti mwa anthu 100 amene aliyense wadina maulendo 400, anthu 13 kapena 14 sadzaiona bonasiyo ngakhale kamodzi. Sikuti alodzedwa kapena foni yawo ndi yatsoka. Ndipo akadina ulendo wa 401, mwayi wawo ndi womwe uja wa munthu amene wangotsegula gemu koyamba.

Nkhani ya zithunzi ziwiri ija ndiyo imandipweteka kwambiri, chifukwa ndi imene imagwira anthu anzeru zawo. Chithunzi cha kachisicho amachitcha scatter, chimawerengedwa paliponse pamene chagwera. Ziwiri zikagwa, magemu ambiri amachedwetsa dala mizere yotsalayo, ng'oma zimayamba kulira, m'mbali mumayaka moto, mtima n'kukwera m'khosi. Chachitatu chikadutsa mumamva ngati mwaphonya ndi chala chimodzi. Koma ziwiri zimagwa kawirikawiri kuposa zitatu, ndi mmene anazikonzera. Kwa pulogalamuyo, ziwiri ndi kuluza kofanana ndi pamene sipanagwe chilichonse.

Tsopano za ndalama. Tsegulani kabatani ka malamulo a gemu, kamene kamakhala ndi chilembo i kapena chizindikiro cha funso, mufufuze pamene alemba RTP. Magemu ambiri a pa intaneti amalemba nambala yoyandikira 96. Tanthauzo lake ndi lakuti pa K100 iliyonse imene anthu onse pamodzi abetcha, pa maulendo mamiliyoni, K96 imabwerera kwa osewera ndipo K4 imatsala kwa eni ake. Ikumveka yochepa. Koma gemu imathamanga. Pa K200 ulendo uliwonse, mukadina maulendo 600 pa ola, mwayendetsa K120,000, ngakhale m'thumba munali K10,000 yokha, popeza zimene mwawina mumazibwezeranso momwemo. K4 pa K100 iliyonse ya K120,000 ndi K4,800. Umenewo ndiwo mtengo wa ola limodzi pa avereji. Inu mukudziwa bwino kuposa ine kuti ndi maulendo angati a ku Nsungwi kapena ku Kanengo amene mumayenda padzuwa kuti K4,800 ikwane mutachotsa petulo.

Ndipo bonasiyo ili m'kati mwa 96 yomweyo. Ma free spin, chithunzi cha wild chimene chimalowa m'malo mwa zinzake, multiplier wochulukitsa mphoto kawiri kapena kakhumi, zonsezi zimalipiridwa ndi maulendo wamba aja amene mumadina osapeza kanthu. K38,000 ya mwezi watha inachokera m'matumba a anthu ena, ndipo mbali ina mwaibweza kale inuyo sabata ino. Chithunzi cha Aaztec nacho chilibe gawo pa masamu. Pali gemu yodziwika ya Aztec Gems ya kampani ya Pragmatic Play, imene ili ndi mizere itatu yokha ndi wachinayi wochulukitsa mphoto mpaka ka 15, yopanda ma free spin n'komwe. Ina ili ndi mizere isanu ndi mabonasi ambirimbiri. Zonse zimasiya gawo la eni ake.

Batani la K20,000 lija ndi kubetcha kwanu kwa K200 kuchulukitsa ka 100, umene ndi mtengo wofala wa mabatani oterewa. Mukugula khomo lolowera basi. Mukalowa, ma free spin khumi aja akhoza kukupatsani K5,000, ndipo nthawi zambiri amapereka zochepa kuposa zimene mwalipira, chifukwa avereji yake imakwezedwa ndi anthu ochepa amene amawina zazikulu. Ndalama imene ikanatha m'maulendo 100 imatha m'mphindi ziwiri. Ku Britain batani limeneli sililoledwa pa magemu a makampani a chiphaso cha kumeneko. Kuyambira pa 31 October 2021, bungwe lawo la Gambling Commission linaletsanso kuti gemu izidzizungulira yokha, linalamula kuti ulendo umodzi usachepere masekondi awiri ndi theka, ndipo linaletsa nyimbo zachisangalalo pamene munthu wawina ndalama yosaposa imene wabetcha. Lamulo lomalizali liganizireni bwino. Kangati gemu yanu yakuimbirani nthungululu mutabetcha K200 n'kubwezeredwa K80?

Ndili ndi pempho limodzi. Usiku uno tsegulani mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba, mutenge kope, mulembe ndalama zonse zimene mwatumiza ku gemu kuyambira tsiku munayamba, ndi zonse zimene mwatapa. Mukapeza kuti mwayamba kukhudza ya abwana a njinga, ya lendi kapena ya katapila, uzani munthu wamkulu amene mumamukhulupirira, ndipo pemphani kampaniyo ikutsekereni akaunti. Mundilemberenso, ndikufuna kumva mmene kopelo latulukira.

Aphunzitsi, nditalembetsa anandipatsa bonasi ya K10,000. Ndawina pang'ono koma akukana kuti nditape. Andibera? Mayi wa ku Zomba.

Mayi, ndikukhulupirira kuti mukawerenga timalemba ting'onoting'ono mupeza mawu oti wagering ndi nambala monga 30x. Ngati ndi choncho, muyenera kubetcha ndalama zokwana K300,000 musanaloledwe kutapa. Gawo la eni ake pa K300,000, pa K4 ija, ndi K12,000, kuposa mphatso imene anakupatsani. N'chifukwa chake ambiri bonasi imawathera m'manja asanafike. Musawonjezere ndalama yanu pothamangitsa imeneyi. Ngati mwakwaniritsa zonse koma akukanabe, onani ngati kampaniyo ili ndi chiphaso cha Malawi Gaming and Lotteries Authority, ndipo dandaulo lanu mukalitule kumeneko. Ikakhala yakunja yopanda chiphaso cha kuno, njira yoitsatira imakhala yovuta zedi.

Aphunzitsi, ine sindisewera, koma ndimaona zithunzi zimenezi pa foni ya mlamu wanga. Kodi Aaztec anali anthu enieni? Golide yense uja analikodi? Wophunzira, Mzuzu.

Mwanawe, funso lako landisangalatsa kuposa onse. Anali anthu enieni, ndipo zidzukulu zawo zilipo. Anthu oposa miliyoni imodzi ndi theka ku Mexico amalankhulabe chinenero chawo cha Nahuatl. Eni ake ankadzitcha Mexica, kumene kunachokera dzina la dzikolo. Mzinda wawo wa Tenochtitlan unamangidwa pa chilumba m'nyanja ya Texcoco, mwambo wawo umati mu 1325, ndipo unali ndi misewu yodutsa pamadzi, ngalande za mabwato, mpope wa madzi akumwa wochokera ku Chapultepec, ndi minda yokwezedwa m'madzi yotchedwa chinampa. Pamalo pomwepo lero pali Mexico City. Kachisi wawo wamkulu, Templo Mayor, anayamba kumufukula mu 1978 anthu okumba njira ya mawaya a magetsi atagunda mwala waukulu wosemedwa.

Opanga magemu amasakaniza zinthu ngati ndiwo za pa ukwati. Njoka ya nthenga ndi yoona, ndi mulungu Quetzalcoatl. Koma kachisi wa masitepe wa m'nkhalango yowirira nthawi zambiri amafanana ndi wa Amaya ku Chichén Itzá, mtundu wina, dera lina. Nthano ya El Dorado, dziko la golide, ndi ya ku Colombia, kwa anthu a Muisca, kutali kwambiri kum'mwera. Tenochtitlan sanali m'nkhalango, anali m'chigwa cha pamwamba pa mapiri, mamita oposa 2,200 kuchokera pa nyanja yamchere.

Golide anali naye, koma mwala wobiriwira wa jade ndi nthenga za mbalame ya quetzal ankaziona zamtengo wapatali kuposa iye. Pamsika wa Tlatelolco ankagulana ndi nthanga za koko ndi nsalu za thonje. Amene anapenga ndi golide ndi Asipanishi a Hernán Cortés, amene anafika mu 1519. Mfumu Moctezuma II inafa ili m'manja mwawo mu 1520, ndipo usiku wa pa 30 June chaka chomwecho Asipanishi akuthawa mumzindamo, ambiri anamira m'ngalande atalemedwa ndi golide amene anasenza. Anabwereranso ndi asilikali ambiri a ku Tlaxcala, adani a Aaztec, nthomba itapha kale anthu osawerengeka, ndipo mzinda unagwa pa 13 August 1521. Mfumu yomaliza, Cuauhtémoc, anaiwotcha mapazi kuti iulule kumene kunabisidwa chuma. Ndikaona kachithunzi ka m'magemu ka msilikali wa ku Spain wa ndevu akuvina pa foni ndalama zikugwa, mapazi amenewo ndi amene ndimakumbukira.

Chuma cha ku Mexico chimene chinatifika ife chili m'mbale yako. Chimanga chinayamba kulimidwa kum'mwera kwa dzikolo zaka pafupifupi 9,000 zapitazo, Aaztec asanakhaleko, ndipo nsima yathu ndi mdzukulu wa mbewu imeneyo. Dzina la tomato linachokera ku mawu awo oti tomatl.

Juga nayo ankaidziwa. Anali ndi masewera otchedwa patolli: mkeka wojambulidwa mtanda wa timabokosi, timiyala tofiira ndi tabuluu toyendetsa, ndi nyemba zobooledwa mbali imodzi zimene ankaponya ngati madayisi. Asanaponye ankazifikisa m'manja akuitana mulungu Macuilxochitl. Wansembe wa ku Spain, Diego Durán, amene anakulira ku Mexico ndipo ankalankhula Nahuatl, analemba kuti akatswiri a patolli ankayenda ndi mkeka wawo m'khwapa, nyemba zitamangidwa m'kansalu, ndipo ankabetcha zovala, miyala yamtengo, nyumba ndi minda. Wina zonse zikamuthera ankadzibetcha yekha, akadyedwa n'kusanduka kapolo. Ansembe achikatolika anawaletsa masewerawa ndipo mikeka yake ankaiwotcha. Ukapita kwa mlamu wakoyo, umuwerengere ndime imeneyi, kenako umuonetse yankho limene ndapereka kwa achimwene a kabaza pamwambapa.