Tifunseni za Masewero: White Sox ikufunika kochi wina kapena mabwana ena?

FUNSO: Akulu moni. Ine ndili kuno ku Chicago, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndiye agogo ena omwe ndimawayang'anira ndi sapota wa White Sox wofera pompo, anandiphunzitsa baseball mpaka pano ndimaonera ndekha ndikaweruka. Koma timu yake inu ndi yomvetsa chisoni, 2024 inaluza magemu 121, 2025 inaluzanso 102. Kochi anachotsa, mapuleya abwino angokhalira kuwapereka kwa anzawo. Ine ndimati angolemba kochi wa dzina ndi kugula mapuleya atatu anayi odula, nkhani yatha. Agogowa akuti vuto ndi mwini timu. Akunena zoona ndani? Ndine mlongo wanu, ku Chicago.

YANKHO: Achemwali, agogowo amvereni, aiona timuyi nthawi yayitali. Zoti kochi wina angasinthe zinthu zinayesedwa kale mu 2024 momwemo. Pedro Grifol anamuchotsa mu Ogasiti timu itawina 28 kuluza 89, Grady Sizemore anagwirizira magemu otsalawo, anawina 13 kuluza 32. Mwaona kusintha pamenepa? Pamapeto inali 41 kwa 121, kuposa manyazi a New York Mets ya 1962 yomwe inaluza 120, ndipo pakati pake panali magemu 21 oluza mondondozana.

Ku baseball kochi, amene iwo amati manager, mphamvu zake ndi zochepa kuposa mmene tinazolowerera ku mpira wa miyendo. Amasankha amenye koyamba ndani, pitcher (woponya mpira) atuluke liti, ndi kusunga mtendere pakati pa anyamata sizoni yonse ya magemu 162. Koma kusankha anyamata mu draft (pomwe matimu amasankha mapuleya atsopano mosinthana chaka ndi chaka), kusinthana mapuleya ndi matimu ena, kupereka makontirakiti, kuyang'anira matimu ang'onoang'ono a minor league komwe puleya amakulira zaka zitatu zinayi asanafike pamwamba, zonsezo ndi za general manager ndi anthu ake a mu ofesi, ndipo iwowo amadya ndalama zomwe mwini timu walola basi. Ndiye timu ikamaluza chonchi, funso loyamba likhale loti mu ofesimo muli ndani ndipo anawaika ndani.

Apa ndi pomwe nkhani ya Jerry Reinsdorf imabwera. Mkuluyu ali ndi timuyi kuyambira 1981, ndipo amadziwika ndi kusunga anthu ake, zomwe ndi zabwino pa ubale koma pa ntchito zimapweteka. Ken Williams anakhala general manager mu 2000, anabweretsa World Series, chikho chachikulu cha ligiyi, mu 2005, ulemu wake timupatse. Rick Hahn anatenga mpandowo mu 2012 Williams atakwera udindo. Awiriwa anadzachotsedwa mu Ogasiti 2023, ndiye aliyense amati eya tsopano abweretsa munthu wakunja wa maganizo atsopano, koma patangopita masiku ochepa anangokweza Chris Getz, yemweyo amene amayang'anira zokulitsa mapuleya achichepere kuyambira 2017, gawo lomwe masapota amadandaula nalo kwambiri. Ine pamenepo ndinangogwira pakamwa.

Komanso musaiwale kuti kugwetsa timu ndi kuyambiranso si koyamba ku White Sox. Mu Disembala 2016 anapereka Chris Sale ku Boston n'kutenga Yoán Moncada ndi Michael Kopech, Adam Eaton anapita ku Washington n'kubwera Lucas Giolito, mu 2017 José Quintana anawolokera ku Cubs, timu inzawo ya mu Chicago momwemo, n'kubwera Eloy Jiménez ndi Dylan Cease. Mayina onsewo anali a anyamata omwe aliyense amawasilira. Ndipo zinaoneka ngati zatheka, 2020 analowa ma playoffs (ndime yolimbirana chikho sizoni ikatha), 2021 anawina magemu 93. Koma pansi pa mayina ochepawo panalibe kanthu, Moncada ndi Jiménez akavulala, ndipo amavulala pafupipafupi, wolowa m'malo kunalibe chifukwa minor league yawo simatulutsa anthu okwanira. Kochi wa dzina amene mukufunayo analinso pompo, Tony La Russa, mnzake wa Reinsdorf, anamulemba ali ndi zaka 76, ndipo 2022 timu inathera pa 81 kwa 81, 2023 iye atachoka inagwera pa 61 kwa 101.

Zogula mapuleya odula, mwina mukunena zoona pang'ono. Kontirakiti ya Andrew Benintendi, zaka zisanu madola 75 miliyoni, inali yaikulu kuposa zonse zomwe timuyi inaperekapo, pomwe matimu ena akupereka 300 miliyoni kwa munthu mmodzi. Kwa timu ya mumzinda ngati Chicago kumeneko ndi kuumira. Koma kugula kumathandiza timu yomwe yatsala pang'ono. Puleya wapamwamba zedi amawonjezera mwina magemu asanu kapena asanu ndi atatu pa sizoni, ndiye timu yowina 41 mutaiwonjezera anthu anayi otere mukadali kutali ndi 90 yomwe imafunika. Kuli ngati kugula malata okwera mtengo nyumba ilibe maziko.

Omwe anachita bwino njira imeneyi ndi Houston Astros. Jim Crane atagula timu mu 2011 anatenga munthu wakunja, Jeff Luhnow wa ku St. Louis Cardinals, ndipo analuza 107 mu 2012, 111 mu 2013, uku akusankha Carlos Correa ndi Alex Bregman mu draft, akulemba anthu a masamu ndi makompyuta, akusintha kaphunzitsidwe ku minor league. Analakwitsanso zambiri, Mark Appel yemwe anamusankha woyamba mu 2013 sanawathandize kanthu, J.D. Martinez anamutaya ulere mu 2014 n'kukakhala katswiri ku Detroit. Justin Verlander anadzamutenga mu Ogasiti 2017 timu itapsa kale, n'kuwina World Series. Inde chikho chimenecho chili ndi banga, zinadzaululika kuti amaba ndi kamera zizindikiro zomwe anzawo amapatsana za kaponyedwe ka mpira ndipo Luhnow ndi kochi A.J. Hinch anachotsedwa mu Januwale 2020, ndiye sindikuti atengere zonse.

Getz naye kunena chilungamo wayamba kubweretsa anthu akunja, Brian Bannister wa ku San Francisco Giants pa za ma pitcher, Ryan Fuller wa ku Baltimore pa za kumenya mpira, kochi Will Venable wochokera ku Texas Rangers. Garrett Crochet anamupereka ku Boston mu Disembala 2024 n'kutenga anyamata anayi, ndipo Kyle Teel ndi Chase Meidroth anasewera kale timu yaikulu mu 2025. Inu mukamaonera musamawerenge zigoli zokha, muziona ngati anyamata okwera kuchokera pansi akukhazikika, ndipo tsiku lomwe adzapse mudzaone ngati Reinsdorf adzatulutse ndalama. Ine pamenepo mpomwe ndikukayika.

FUNSO: Akulu, ndinaona pa Facebook kuti timu ina ku America inaluza magemu opitirira 100 koma ikadali mu ligi. Kuno ikanatuluka kalekale. Zimatheka bwanji? Wowerenga wanu, ku Zomba.

YANKHO: Achimwene, ku MLB, ligi yaikulu ya baseball ku America, kulibe zotuluka mu ligi. Matimu ndi 30 omwewo chaka ndi chaka, uluze bwanji udzaseweranso. Kale woluza kwambiri amalandiranso mphoto, amasankha woyamba mu draft, ndipo mnyamata wosankhidwayo akafika pamwamba amakhala m'manja mwa timu zaka zisanu ndi chimodzi asanakhale mfulu, zitatu zoyambazo pa malipiro otsikitsitsa, omwe mu 2024 anali madola 740,000. Ndalama zambiri kwa ife eti, koma kumeneko ndi zotchipa. Ndiye eni matimu anaona kuti kuluza dala kuli ndi phindu.

Baltimore Orioles ndi chitsanzo. Mu 2018 analuza 115, anachotsa Buck Showalter ndi Dan Duquette, anatenga Mike Elias wa ku Astros, analuzanso 108 mu 2019 ndi 110 mu 2021, uku akusankha Adley Rutschman ndi Gunnar Henderson. Mu 2023 anawina 101. Koma ma playoffs a 2023 ndi 2024 sanawine gemu ngakhale imodzi, ndipo kochi Brandon Hyde yemwe anapirira zaka zamanyazizo kuyambira 2019 anamuchotsa mu Meyi 2025.

Bungwe la mapuleya linakwiya nazo zoluza dalazi, ndiye mgwirizano wa 2022 unabweretsa lotale pa malo asanu ndi limodzi oyamba a draft, komanso timu ya mumzinda waukulu singalowe lotaleyo zaka ziwiri zotsatizana. White Sox yomwe mlongo wathu wa ku Chicago akulira nayoyo inakodwa pamenepo, inasankha pa nambala 5 mu 2024, ndiye italuza 121 yonseyo inakasankha pa nambala 10 mu 2025.